Sanda ya ku Fordsburg

Mayfair, Joni
18 Juni 2023

Amayi anga Abiti Jaffalie,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mdzukulu wanu Sumaiya ndi achimwene anga Che Atumani. Ine kuno ndili moyo, Alhamdulillah, kungoti kuzizira kwa kuno n'kwamwano. Madzi a m'ndowa amacha ataundana pamwamba, ine mwana wa ku Makanjira amene ndinkadandaula ndi mwera chabe!

Alamu anga a Safia, ndikudziwa kuti owerenga ndinu. Sukulu yanu ya mishoni ya ku Malindi ija igwire ntchito lero. Muwerenge mokweza, chakukhutu la kumanja, ndipo osadumpha mawu ngakhale akhale onena inu. Pa foni Amayi amangoti "eee, eee" osamva kanthu, n'chifukwa chake ndasankha pepala. Wonyamula ndi Che Iddi a kwa Chiponde, amene amayenda ndi basi ya katundu pakati pa kuno ndi Mangochi. Mayankho muziwapatsira omwewo.

Ntchito ndapeza. Ndikusamala gogo wina wachimwenye, Msilamu mnzathu, amene onse m'nyumba muno amamutchula kuti Nani. Miyendo yawo inafa, amayenda pa mpando wa matayala, koma pakamwa pokha mpamoyo zedi. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kunena kuti, "Uyu ndi wowonda, andigwetsa." Ndinawanyamula ngati thumba la ufa n'kuwakhazika pabedi. Kuyambira pamenepo tinagwirizana. Wondilipira ndi mwana wawo, bwana Mustapha, wa sitolo ya matayala a galimoto. Ndimagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Geti imatsegulidwa ndi kabatani, ndipo kabataniko kamakhala m'thumba la bwana.

Ndatumiza bulangete limodzi ndi shuga. Bulangetelo ndi la Amayi, Che Atumani asapite nalo kunyanja.

Amayi, mawu amene munandiuza mutandigwira dzanja pokwera lole aja ndikuwasunga. Munati, "Pita ukapeze malata, poti nyanja yatigwetsera nyumba. Koma chaka chimodzi chokha. Akazi onse omwalira m'mudzi muno ndimawasambitsa ndine, ndipo amene ndinamuphunzitsa ntchitoyi ndiwe wekha. Tsiku langa likadzafika, wondisambitsa ukhale iwe." Ine ndinaseka, ndinati mudzatiika m'manda tonse inu. Kusekako kunali kwa pamaso chabe. Juni wa chaka chamawa ndidzakhala ndili pakhomo, Inshallah.

Ndine mwana wanu,
Mwanamvua

Mayfair
27 Ogasiti 2023

Amayi,

Asalamu alaikumu. Ndamva kuti muli bwino ndipo khoma la kuchipinda laima. Ine ndili bwino, chimfine chinandigwira koma chatha.

Sumaiya akufunsa kuti Joni ndi wotani ndipo ndimakonda kuti. Mwana wanga, Joni amene ndamuona ine ndi wa a Nani. Kumene matayala a mpando wawo afika ndi kumene ndafika. Koma Lachinayi lililonse bwana amatitula ku Fordsburg, ndipo kumeneko ndiye kuli zinthu.

Kuli sitolo ya nsalu imene ndimaikonda kuposa zonse. Mipukutu kuyambira pansi mpaka kudenga, malesi, zonyezimira za akwati, zina zofewa ngati khutu la mwana wa mbuzi. Mwini wake ndi mdala wogontha ngati Amayi, amayeza nsalu kuyambira pamphuno mpaka kunsonga ya chala, ati tepi imanama. A Nani sagula kanthu. Amangotsitsitsa mipukutu, kuigwiragwira, kuinyoza, basi tizipita. Mdalayo sakwiya, ati anayamba kunyozedwa ndi mayi ameneyu onse ali ndi mano. Ine ndimaima kumbuyo kwa mpando n'kumakuvekani nonse m'mutima. Alamu a Safia ndinakusankhirani yobiriwira, ngakhale mukanati yawala kwambiri.

Pafupi pake pali sitolo ya zokometsera ndiwo. Ukangolowa umayetsemula katatu, ukatuluka zovala zimanunkhira mpaka Loweruka. Amagulitsanso lubani weniweni, osati wa pa msika wa kwathu wosakaniza ndi utomoni uja. Ndatumizako pang'ono.

Tsiku lina anatitengera kumalo amene iwo amati nyanja. Koma abale! Dziwe, Amayi, dziwe loti Che Atumani angaliwoloke madzi osafika pa mchombo. Muli abakha onenepa oti palibe amawadya, ndi timabwato timene anthu amalipira kuti apalase mozungulirazungulira osagwira ngakhale kambuzi mmodzi. Ndinaseka mpaka a Nani anandimenya ndi mpango. Komabe nditamva fungo la madzi ndi matope, misozi inangobwera yokha. Ndimapempha kuti tizipitako.

Malo anga enieni ndi kuseri kwa nyumba ina kuno ku Mayfair, kwa a Asiatu a ku Namwera. Amagulitsa usipa wouma, utaka ndi ufa wa kondowole, zobwera pa basi. Mtengo wake musafunse, kambale kamodzi kuno mungagule nako ndowa kwathu. Ndimapitako Lamlungu masana, ola limodzi limene amandipatsa. Timakhala pa makatoni n'kumalankhula Chiyao mpaka nsagwada kuwawa.

Za mapepala musade nkhawa. Pa boda amatipatsa masiku makumi atatu okha. Ndiye anthu a kuno amapereka mapasipoti kwa Che Iddi, iwo popita kwathu amakadinditsa kuti watuluka, pobwera amadinditsa kuti walowanso. Aliyense amatero. Pasipoti yanga yaona kale Mwanza kawiri, mwini wake ndili phee kuseri kwa khitchini.

Mwanamvua

Mayfair
19 Novembala 2023

Amayi,

Asalamu alaikumu. Ine ndili bwino. Koma inu simuli bwino, ndipo ndamva kwa a Asiatu ndisanamve kwa abale anga. Miyendo inayamba kutupa mwezi wa Seputembala, mukayenda pang'ono befu, ndiye m'kalata mukundiuza za mbuzi yobereka mapasa? Alamu, inu ndi amene mumagwira cholembera. Amayi akakuuzani kuti musalembe, inu muzilemba. Che Atumani asiye kaye ukonde wa chilimira awatengere Amayi kuchipatala ku boma, ya lole ndatumiza. Ndamva kuti zinthu zakwera mitengo kumeneko moti shuga wasanduka wa alendo okha. Malata otsala aja adikire, mankhwala ayambe.

Tsono za chimene mwandituma. Ndinawerenga kawiri, ndinayesa alamu alakwitsa. Mwana kumuuza za sitolo yokongola, inu chimene mwamvapo ndi sanda? Mwati bafuta wa kwathu ndi wopyapyala, mukufuna wa kuno wolimba, woti akwane zidutswa zonse zisanu za munthu wamkazi. Ndinakwiya tsiku lonse. A Nani anaona nkhope yanga n'kufunsa. Nditawauza anati, "Amayi ako ndi anzeru. Yanga ili m'sutikesi pamwamba pa kabati, ndinagula mwamuna wanga ali moyo. Lachinayi tikagule."

Tinapita. Koyamba chiyambire a Nani sananyoze kanthu. Anatsitsitsa mipukutu itatu yoyera, anaigwira ndi zala, anaiyang'anitsa padzuwa, n'kusankha wapakati. Mdala uja anayeza ndi mphuno yake, kenaka anawonjezerapo mkono wathunthu osalipiritsa. Anati nsalu imeneyi saumira nayo. Ndi yabwino, Amayi, yoyera mbee, yolemera m'manja.

Koma sinditumiza. Mukalipe mmene mungathere. Ili pansi pa matiresi anga ndipo idzabwera ndi ine ndemwe, pa basi imodzi. Ikafika yokha muyamba kuiyang'anayang'ana.

Kuno misewu yonse yachita maluwa a mtundu wa biringanya, mitengo yake italiitali. Amagwa pansi n'kumamatira ku matayala a mpando, ine n'kumakolopa m'nyumba kawiri pa tsiku. Koma ndi okongola, ndisaname. Madzulo ndimawayendetsa a Nani mpaka pa ngodya n'kubwerera. Patsogolo pake sitipitirira, pamaima galimoto ya apolisi imene anzathu akaiona amalowa m'mageti a eni.

Sumaiya aziwatungira madzi agogo ake asanapite ku madrasa.

Mwanamvua

Mayfair
28 Januwale 2024

Amayi,

Asalamu alaikumu. Ndasangalala kumva kuti mapiritsi akuthandiza ndipo mukugona osatsamira khoma. Musasiye kumwa chifukwa choti mwapezako bwino, ndimakudziwani. Ine thupi lili bwino.

Pali kankhani. Alamu, apa muwerenge mofatsa, musawadzidzimutse. Che Iddi abwera opanda pasipoti yanga. Ati popita anadinditsa bwinobwino kuti ndatuluka. Pobwera, asanafike pa boda, basi inaimitsidwa n'kuyamba kusechedwa. Iwo anali ndi mapasipoti a anthu thumba lonse. Mantha atawagwira anaponya thumbalo pa windo, m'tchire la ku Zimbabwe. Anabwera okha kudzandiuza pa geti, chipewa chili m'manja. Ndinawatukwana m'Chiyao, m'Chichewa, ndi m'Chizulu chochepa chimene ndatola. Ndipo kalata ino ndikupatsira iwo omwewo, nanga ndituma ndani?

Ndiye mmene zilili, m'makina a boma la kuno ine ndinatuluka mu Disembala. Ndili kwathu. Mukandiona kumeneko mundipatse moni, mundiuze ndikuphikireni phala.

Ndikuseka koma sizoseketsa. A Asiatu akuti ku ofesi ya dziko lathu m'tauni amapereka pepala loti munthu abwerere nalo kwawo, koma pamafunika kaye kalata ya apolisi yonena kuti pasipoti inatayika. Ine ndipite ndi miyendo yanga kupolisi, ndikanene kuti inatayika kuti? Ku Zimbabwe, ine ndili ku Mayfair ndikusintha matewera? Ndinaganizanso zongodzipereka kuti andigwire anditumize kwathu okha. A Asiatu anandigwira pakamwa. Ati mphwawo anadikira miyezi ingapo ali m'mpanda, osadziwa tsiku, ndipo kwawo kukanagwa maliro sakanamva n'komwe.

Ndinawauza bwana Mustapha. Sanakalipe. Anati ali ndi mnzawo wodziwa za mapepala, tidzakonza, koma pakadali pano ndisamatuluke ndekha. Choncho ola langa la Lamlungu lija latha. Kwa a Asiatu sindinapiteko milungu itatu, usipa amachita kunditumizira. Lachinayi tikupitabe ku Fordsburg, poti munthu wokankha gogo wachimwenye palibe amamufunsa kanthu. Mpando umenewu ndiye wasanduka pasipoti yanga.

Ndapeza malo ena atsopano. Pamwamba pa garaja pamene ndimayanika zovala pamaoneka msewu waukulu. Ndimachedwa dala ndi mapegi n'kumayang'ana mabasi okoka ngolo za katundu. Walira mvula walira matope, Amayi, Joni ndinamufuna ndekha.

Juni akadali patali. Zikonzeka.

Mwanamvua

Mayfair
24 Malichi 2024

Amayi,

Asalamu alaikumu, Ramadani yabwino kwa nonse. Mwati mukufuna kumanga nawo, kusala kudya tsiku lonse. Ayi! Shehe yemwe akuuzani kuti wodwala samanga, ndipo mapiritsi aja safuna m'mimba mopanda kanthu. Ine ndikumanga, ndili bwino.

Ramadani ya kuno mukanaiona. Dzuwa likamapendeka msewu wa ku Fordsburg umadzaza matebulo, samusa milumilu, zipatso za tende zamitundumitundu, phala lina la nyama ndi tirigu limene amagawa ulere pa khomo la mzikiti. Anthu a mitundu yonse, Asomali, Apakistani, ife a kwathu, kudya m'mbale zofanana. Tinapitako kamodzi koyambirira kwa mwezi. Kameneko n'kutheka kanali komaliza, chifukwa a Nani agwa mphwayi. Sakufunanso mpando. Chakudya akulandira cha m'dzanja langa lokha, mpongozi wawo akabwera ndi supuni amatseka pakamwa ngati mwana.

Ndinawakumbutsa bwana za pepala lija. Anati, "Mwanamvua, taona mmene alili amayi. Ukachoka iwe adya kwa ndani? Idi ipite kaye." Ananena mwaulemu, maso ali ofiira. Nawonso ndi mwana wa munthu.

Lachisanu ndikuwapesa tsitsi, a Nani anandifunsa kuti kwanu amayi ako amagwira ntchito yanji. Ndinawauza. Anandigwira mkono n'kunena kuti, "Thupi ili walizolowera ndiwe. Sindifuna alendo adzandione. Udzandisambitse iwe." Ndinavomera. Tsono ndili ndi amayi awiri ondidikira ndi ntchito imodzi, ndipo mapanga awiri avumbwitsa. Ndikuuzani zoona, Amayi, poti kwa inu sindibisa: nthawi zina ndikamamvetsera kupuma kwawo, mtima wina umati akapita ndiye kuti ndamasuka. Ndikatero ndimachita manyazi mpaka kulephera kuwayang'ana, chifukwa gogo ameneyu ndimamukonda.

Tsono nkhani ya maliro a Abiti Latif. Mulungu awakhululukire, anali mayi wabwino. Mwalemba kuti Amayi analephera kuimirira nthawi yaitali, ndiye a Safia analowa nawo kukathira madzi. A Safia ake ati? Omwe aja ankathawira kumunda jeneza yonyamula maliro ikamadutsa? Alamu, musandimve molakwa. Munalowa Chisilamu ndi mtima wonse, ndikudziwa, ndipo pa mapemphero a swala mumatiposa enafe. Koma ntchito imeneyi si yongolowa chifukwa pasowa munthu. Ine ndinayamba n'kunyamula ndowa zaka zitatu ndisanakhudze munthu. Amayi, malo amenewo ndi anga. Musagawe ndili moyo.

Ndatumiza tende paketi imodzi ndi nsapato za Sumaiya za pa Idi. Zikakula aike pepala kunsonga.

Mwanamvua

Actonville, Benoni
28 Epulo 2024

Amayi,

Asalamu alaikumu. Muone pamwambapo, malo asintha. Ndili moyo.

A Nani anatisiya patapita masiku awiri chichitikireni Idi, m'mawa dzuwa litatuluka. Inna lillahi wa inna ilaihi rajiun. Ndinali nawo ine ndi bwana. Ndinawatseka maso, ndinawamanga chibwano, ndinawongola manja ndi miyendo thupi lisanaume, monga munandiphunzitsira. Ndinatsitsa sutikesi ija pa kabati. Ndinayamba kutenthetsa madzi.

Kuno sasambitsira pakhomo. Ola lisanathe inabwera galimoto ya bungwe la maliro, ndi amayi atatu ovala zakuda. Ali ndi chipinda chawo ku mzikiti, cha matailosi ndi mipope, ndipo amavala magolovesi. Ndinauza mpongozi kuti a Nani anandipempha ine. Anandisisita paphewa n'kunena kuti, "Wachita zambiri kale, Mulungu akudalitse. Anthu abwera ambiri, utithandize tiyi." Sanandinyoze ayi. Sanamve chabe kuti ndikunena chiyani. Ndinaima pa geti sanda ili m'manja, mmodzi wa amayi aja anailandira n'kunena zikomo, galimoto n'kunyamuka. Madzi ndinatenthetsa aja anapangira tiyi.

Pofika swala ya masana anali ataikidwa. Ndinatsuka makapu mpaka zala kuchita makwinya. Ndimangoganiza kuti amayi aja sakudziwa kuti phewa lamanzere la a Nani silifuna kukokedwa.

Ndinayesa kuti tsopano ndamasuka. Patatha sabata bwana anandiitana. Anati a Nani ali ndi mng'ono wawo kuno ku Benoni, nayenso sayenda, ndipo banja lonse lagwirizana kuti palibe wina woposa ine. Za pepala anati mnzawo uja ali ku Dubai, akabwera tidzaona. Anakweza bedi la a Nani pa galimoto, mpando wa matayala, ndowa yosambira, ndi ine. Tonse tinatsitsidwa pa khomo limodzi.

Gogo wa kuno salankhula, matenda anamugwira lilime. Sapita kulikonse. Mpanda ndi wautali, pamwamba pali waya wa magetsi, ndipo m'dera lino sindidziwa munthu ngakhale mmodzi. Malipiro awonjezera pang'ono. Chakudya chilipo. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Mwafunsanso za sanda, kachitatu tsopano. Ndamva, Amayi. Ndipatseni mwezi umodzi.

Mwanamvua

Actonville
9 Juni 2024

Amayi anga, ndi inu alamu anga a Safia,

Asalamu alaikumu. Kalata iyi musawerengere pabwalo. Che Atumani apite kunyanja, Sumaiya mumutume kwa anzake, mutseke chitseko mukhale awiri.

Ine ndili bwino m'thupi. Za inu ndamva zonse, ndipo alamu zikomo kuti ulendo uno simunabise. Ndamva kuti kutupa kwafika m'mimba, kuti pa mkeka mukuchita kutembenuzidwa, ndi kuti a dokotala anati mungopumira kunyumba.

Juni uja ndi uno. Chaka chakwana ndipo ine sindili pa basi. Mnzawo wa bwana sanabwerebe, kapena anabwera, sindidziwa. Ndinayesa kawiri. Ulendo woyamba ndinapempha kuti andiperekeze kupolisi, anati mawa. Wachiwiri ndinatuluka ndekha geti itatsegukira galimoto ya zinyalala, ndinafika mpaka pokwerera minibasi. Pamenepo panali galimoto ya apolisi, akukweza anyamata awiri a ku Mozambiki. Ndinabwerera. Ndinapeza gogo atadzionongera, akulira opanda mawu. Sindinena kuti sindidzabwera. Ndikunena kuti tsiku sindikulidziwa, ndipo maliro a Chisilamu sadikira basi ya masiku atatu.

Sumaiya analemba yekha m'munsi mwa kalata yanu, ati pa chaka chonsechi malo opambana ndi ati. Mudzamuuze kuti sitolo ya nsalu, dziwe la abakha, ndi makatoni a kwa a Asiatu. Mudzamuuzenso kuti zilembo zake zakongola. Kuno malo anga ndi pa sitepe ya kukhitchini, pamafika dzuwa chakumasana.

Phukusi limene labwera ndi kalatayi ndi sanda. Che Iddi anachita kubwera okha mpaka kuno kudzalandira pa mpata wa geti, ndipo akana kulipidwa. Sindinadule. Mudule muli awiri, Amayi akuonetseni muyezo wa chidutswa chilichonse.

Alamu, mawu ndinalemba mwezi wa Ramadani aja anali a nsanje. Amene wakhala akuwatembenuza Amayi, kuwachapira ndi kuwamwetsa phala ndinu. Ndikukupemphani, osati ngati mkazi wa achimwene anga koma ngati m'bale wanga wa bere limodzi: mudzawasambitse Amayi ndinu. Zoyambira kumanja, kuchuluka kwa maulendo ndi mawu onena, adzakuuzani eni akewo, amadziwa kuposa shehe. Ine ndikuuzani zimene iwo sanganene.

Madzi akhale ofunda, muyese ndi chigongono. Amayi amadana ndi madzi ozizira, ngakhale amanamizira kulimba. Bondo lamanzere silitambasuka lonse chigwereni m'bwato muja, musalikakamize, muike kansalu kopinda pansi pake. Tsitsi lawo ndi lochepa pakati, ndipo amachita nalo manyazi, n'chifukwa chake mpango suchoka. Muluke zingwe zitatu mobisa pamenepo, amayi othira madzi asaone. M'chipindamo musalowe Abiti Swadick, pakamwa pawo sipasunga. Ndipo m'chiuno mudzapeza mikanda yakale, chingwe chimodzi. Anawagulira ndi bambo athu chaka chimene anakwatirana, ndipo chimwalirireni bambo sanavulepo. Mudzaivule pansi pa nsalu, mwakachetechete, muifumbate m'dzanja. Mudzamusungire Sumaiya.

Mukadzamva mantha musadzachite manyazi, inenso tsiku loyamba ndinasanza kuseri kwa nyumba. Muzidzawalankhula pamene mukuwatembenuza, muziti, "Amayi, tsopano mbali iyi." Iwo amatero ndi aliyense amene anamusambitsa.

Amao, amayi anga, mundikhululukire. Munandipempha chinthu chimodzi chokha. Ndikulira pamene ndikulemba, ndipo sindibisa.

Koma musataye masiku ndi kundilira ine. Muyambe mawa lomwe. A Safia atenthetse madzi, atseke chitseko, akusambitseni monga adzachitire tsikulo, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Musawakalipire ngati mmene munkandikalipirira ine. Aphunzire pa thupi lanu lomwelo, mudakali ndi pakamwa ponena kuti apa pakupweteka.

Ndine mwana wanu,
Mwanamvua